Bampa yasweka, koma ndalama zili kuseri kwake

Galimoto ikagundidwa kutsogolo, mwini wake maso amakhala pa bampa ndi magetsi. Ine ndimatsegula boneti, n'kugwada pansi ndi tochi m'manja. Ndine assessor: kampani ya inshulansi imandituma ku galaja kukaona galimoto yochita ngozi ndi kulemba kuti kuikonza kudya ndalama zingati. Ambiri amandiona ngati wobwera kudzawadula ndalama, ndipo zimandiwawa, chifukwa mikangano yathu imachokera pa zinthu zimene sanauzidwe tsiku limene ankalipira.

Titenge Toyota Sienta. Timagalimoto ta ku Japan totereti, timene tambiri timatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, tilibe chasisi yapadera ngati ya lole kapena ya Hilux. Thupi lonse ndilo limanyamula galimoto. Kutsogolo kuli miyendo iwiri yachitsulo, yomwe timati miyendo ya chasisi, imene anaipanga dala kuti izipindika pa ngozi, mphamvu ithere pamenepo isanafike pa mawondo a dalaivala. Kuseri kwa bampa kuli chitsulo chopingasa, kenako kondensa ya aircon, rediyeta ndi fani. Bampa ndi pulasitiki, imatha kubwerera m'malo mwake ngati sipanachitike kanthu, koma mkatimo zitapindika. N'chifukwa chake ndimayendetsa chala mu mpata wa pakati pa boneti ndi fenda. Chikalowa kumanzere n'kukana kumanja, ndimadziwa kuti kutsogolo kwapotoka. Penti wothetheka pa mwendo wa chasisi amanena zomwezo, chimodzimodzi chitseko chimene chayamba kukhula potseka.

Amisiri okhoma galimoto ku Ndirande kapena ku Biwi ndimawalemekeza. Alipo amene fenda yofinyika amaiwongola mpaka osadziwa pamene inagundidwa. Koma mwendo wa chasisi sufuna hamala ndi moto wa gasi. Chitsulo chake chikatenthedwa chimafooka, ndipo pa ngozi yachiwiri sichigwiranso ntchito yake. Umafuna kukokedwa pa makina, akuyeza ndi tepi, kapena kuuchotsa n'kuikapo wina. Airbag ikaphulika sikonzedwa, imasinthidwa, pamodzi ndi malamba amene anakoka pa ngoziyo. Ena amangomata chiwongolero n'kuzimitsa kagetsi kochenjeza pa dashibodi. Amenewo akusewera ndi moyo wa ana a eni ake. Inu ogula galimoto yoyendapo kale, tengani maginito okulunga m'kansalu muyendetse pa zitseko: pamene pakukana kugwira, pali fila yokhuthala.

Kotesheni ya galaja imakhala ndi masipeyala, ntchito ya manja ndi penti. Ndimaunika mzere uliwonse. Dzimbiri kapena chipsera chakale ndimachotsa mu kotesheniyo, poti inshulansi imakubwezerani pamene munali ngozi isanachitike, osati kukupatsani galimoto yatsopano. Tayala lotha likaphulika pa ngozi, atha kukuuzani kuti muonjezerepo zanu pogula latsopano, ndiye betterment imeneyo. Excess ndi gawo limene mumalipira nokha pa kleimu iliyonse, ndipo inalembedwa mu polise yanu. Amakaniko akamasula n'kupeza zina zobisika, amalemba kotesheni yowonjezera, ine n'kubwereranso.

Ndalama zokonzera zikayandikira mtengo wa galimotoyo, timati ndi write-off. Kampani imalipira mtengo umene galimotoyo ikanagulitsidwa ngozi isanachitike, osapitirira ndalama imene munalembetsa, kuchotsapo excess. Chigobacho, chomwe timati salvage, chimakhala cha kampani.

Apa ndi pamene ndimaona misozi. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Magalimoto ndi masipeyala timagula kunja, ndiye mitengo inakwera nthawi yomweyo, koma anthu ambiri anapitiriza kulembetsa mtengo wakale poopa premium yokwera. Tiyerekeze kuti munalembetsa K8 miliyoni pomwe galimotoyo lero ndi ya K12 miliyoni. Ikakhala write-off, simulandira zopitirira K8 miliyoni. Ngati polise yanu ili ndi ndime ya average, ngakhale pokonza chabe kampani ilipira magawo awiri mwa atatu: pa kotesheni ya K3 miliyoni mulandira K2 miliyoni, excess isanachotsedwe. Chaka chilichonse pokalipira, funsani mtengo wa galimoto ngati yanuyo pamsika, mulembetse umenewo.

Ndipo musasokoneze mitundu iwiri ya inshulansi. Third party, imene lamulo la pamsewu limakakamiza galimoto iliyonse kukhala nayo, imalipira anthu ena amene mwawavulaza kapena kuwaonongera katundu. Galimoto yanu siikhudza. Yokonzetsa yanu ndi comprehensive.

Ngozi ikachitika, jambulani pa foni mbali zonse galimoto isanasunthidwe, tengani lipoti la apolisi, dziwitsani kampani msanga, ndipo musalole aliyense kukhudza hamala ndisanafike. Mukaona kuti lipoti langa lakulakwirani, pemphani kuti akufotokozereni mzere ndi mzere, mubweretse kotesheni ya galaja ina. Kampani ikapanda kukumvani, dandaulo limapita kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi, amene amayang'anira makampani a inshulansi.