Satifiketi ya ISO: Mboni ya Fakitale kwa Wogula Wakutali

Mu 1999 makampani opanga galimoto a Ford ndi General Motors ku America anauza mafakitale owapangira zipangizo kuti apeze satifiketi ya zachilengedwe ya ISO 14001 ngati akufuna kupitiriza kuchita nawo malonda. Ngakhale eni fakitale amene analibe nazo ntchito zachilengedwe anayamba kuthamangathamanga. Umu ndi momwe zikalatazi zimafalira nthawi zambiri: wogula wamkulu akalamula, ogulitsa amatsatira.

Bungwe la ISO, lomwe likulu lake lili ku Geneva, linatulutsa ISO 9001 mu 1987. Iyi imaona ngati kampani ili ndi dongosolo loti katundu wake azituluka chimodzimodzi lero ndi mawa. ISO 14001, yokhudza chilengedwe, inabwera mu 1996, patapita zaka zinayi chichitikireni msonkhano waukulu wa zachilengedwe wa ku Rio de Janeiro. Bungweli silipereka lokha satifiketi. Amapereka ndi mabungwe ena oyendera, ndipo satifiketiyo imatha pakapita zaka zitatu, oyenderawo akubwera chaka ndi chaka.

Woyendera akafika sathera mu ofesi ya bwana. Amapita kuseri kwa fakitale kukaona kumene ngalande ya madzi oipa ikuthera. Amatsegula mabuku a mankhwala, kenako n'kufunsa wantchito wamba kuti, "Mgolo wa asidi uwu utatayika pano, mungatani?" Wantchitoyo akangoti kakasi, zimalembedwa.

Nanga n'chifukwa chiyani mayiko ena ali ndi masatifiketi ochuluka kuposa anzawo? Japan ndiyo inatsogola pa ISO 14001 m'zaka zoyamba, koma lero China yasiya onse kutali, ndipo ndi dziko logulitsa kwambiri kunja. Wogula wa ku Germany sangakwere ndege kukasuzumira fakitale iliyonse, ndiye amafuna mboni. Kumene ogula amakayikira oyendera a boma, mboniyo imafunika koposa. Kwina chimakoka makampani ndi makontirakiti a boma, omwe amafuna chikalatachi munthu asanapikisane nawo. Ena amangoona kuti opikisana nawo ali nacho kale.

Koma pali chinthu chomwe otsatsa malonda satchula. ISO 14001 siika malire a utsi kapena a madzi oipa. Imangofuna kuti kampani idziwe zomwe ikuwononga, ilonjeze kutsata malamulo a dziko lake, ndipo izionetsa kuti ikusintha. Choncho mafakitale awiri, ina ya m'dziko la malamulo okhwima, ina ya m'dziko lolekerera, onse angapachike chikalata chofanana pakhoma. Kwa mayi wotunga madzi kumunsi kwa fakitale, lamulo la dziko ndi oyendera a boma ndiwo akadali chitetezo chenicheni.

Palinso mtengo. Kulipira alangizi ndi oyendera chaka chilichonse si nkhani kwa kampani yaikulu, koma yaing'ono, monga zambiri za kuno kwathu, imayamba yawerengera ngati wogula wakunjayo alipodi isanatulutse ndalama.