Agwire ndani jakisoni wa ng'ombe ku Rufunsa?

Pakati pa anthu osamalira umoyo wa ziweto mu Zambia pali mkangano wakale: kodi munthu amene sanapite kusukulu ya ntchitoyi aloledwe kubaya ng'ombe jakisoni? Madokotala ambiri amakana, ndipo zifukwa zawo n'zomveka. Koma m'boma la Rufunsa, limene linapatulidwa ku Chongwe mu 2013, mtunda ndiwo unagamula kale mlanduwu. Midzi ya kwa Mpanshya, kwa Shikabeta ndi kwa Bunda Bunda inamwazikana m'mapiri ndi m'zigwa, ndipo munthu akangopatuka pa msewu waukulu wa Great East nthawi ya dzinja, amakumana ndi matope ndi mitsinje yodzaza. Ng'ombe yolimira ikagona pansi madzulo, mwini wake sadikira munthu wa satifiketi. Amatulutsa botolo limene anagula kusitolo n'kubaya. Jakisoni ali kale m'manja mwa mlimi, ndipo chimene chatsala n'chakuti avetenale asankhe: kuyang'anira manja amenewo kapena kumangowadzudzula ali patali.

Ntchitoyi ili ndi magulu angapo a anthu, ndipo si onse amene mlimi amawaona. Pamwamba pali dokotala wa ziweto, kawirikawiri wophunzira ku Samora Machel School of Veterinary Medicine ya pa yunivesite ya Zambia, sukulu imene inamangidwa m'zaka za m'ma 1980 ndi thandizo la dziko la Japan. Akakhala mkulu wa ziweto pa boma, nthawi yake yambiri imathera pa malipoti, zilolezo zosamutsira ziweto ndi kukonzekera miliri. Amene amalowa m'khola ndi wothandizira wake, wophunzira m'masukulu monga Zambia Institute of Animal Health ku Mazabuka, yemwe amapatsidwa dera lake lotchedwa kampu. Iyeyu ndiye amapereka katemera, amafula ng'ombe, amathandiza yaikazi imene yalephera kubereka, amayendera nyama isanagulitsidwe, ndiponso amatenga magazi opita nawo kukapimidwa ku Central Veterinary Research Institute ku Balmoral. Zonsezi zimadalira njinga yamoto ndi mafuta ake. Kenako pali wogulitsa mankhwala m'sitolo ya zaulimi, amene alimi ambiri amayamba kumufunsa iyeyo, ndi munthu wa m'mudzi amene anzake amati amadziwa ng'ombe. Anthu awiri omalizirawa ndi amene amafika msanga, ndipo ndi amenenso palibe amawalondola.

Mantha a madokotala tisawapeputse, makamaka ku dera ngati ili. Kumwera kwa Rufunsa kuli nkhalango ya Lower Zambezi ndi madera osungirako nyama zakutchire, kumene kashembe amaswana n'kumafalitsa kaodzera wa ng'ombe. Njati zimasunga tizilombo ta chigodola, ndipo nkhupakupa zimatitenga n'kutipatsira ng'ombe. Kwa mlimi, matenda awiriwa amayamba mofanana: thupi kutentha, ubweya kunyankhalala, kusadya, zotupa. Koma mankhwala ake ndi osiyana kotheratu. Berenil ndi Samorin, amene amalimbana ndi kaodzera, sachiza chigodola, ndipo chigodola sichipereka masiku ambiri oti munthu ayesere izi ndi izo. Vuto lina ndi muyezo. Mankhwala amaperekedwa molingana ndi kulemera kwa chiweto, koma wosauka amagawa paketi ya ng'ombe imodzi kwa ziwiri, ndipo tizilombo topulumuka timazolowera mankhwalawo. Kafukufuku amene anachitika ku chigawo cha Kummawa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anapeza kale tizilombo ta kaodzera tosamva mankhwalawa. Palinso mkaka ndi nyama zogulitsidwa mankhwala asanathe m'thupi. Choopsa kuposa zonse ndi ng'ombe yofa mwadzidzidzi imene anthu amaisenda n'kugawana: mliri wa anthrax wa mu 2023, umene unayambira ku Sinazongwe, unafika m'zigawo 9 mwa zigawo 10 za dziko lino, ndipo pofika mwezi wa Novembala anthu oposa 600 ankaganiziridwa kuti adwala.

Zonsezi ndi zoona, koma sizitsimikizira kuti kuletsa ndiko kungathandize. Tikumbukire mmene tinafikira pano. M'zaka za m'ma 1990, boma posintha kayendetsedwe ka chuma linachepetsa thandizo laulere la ziweto, poyembekezera kuti madokotala oima paokha adzatseka mpatawo. Iwo anakhazikika kumene kuli ndalama, m'mizinda ndi m'mafamu akuluakulu, ndipo sitingawanene, pakuti palibe angakhalire moyo kuchiza mbuzi za anthu amene ndalama amaziona kamodzi pa chaka akagulitsa chimanga. Madibi ambiri osambitsirako ziweto akumidzi anauma. Mlimi sanalande ntchito ya dokotala. Anaitola pamene inasiyidwa. Kumuuza lero kuti asabaye, osamupatsa wina womubayira, kumangochititsa kuti azibisa, ndipo matenda obisika ndi amene amasanduka mliri.

Umboni wa njira ina ulipo. Mliri wa rinderpest, umene unapulula ng'ombe ndi njati mu Africa m'zaka za m'ma 1890, unalengezedwa kuti watheratu pa dziko lonse mu 2011. M'madera ovuta kufikako a kumwera kwa Sudan ndi ku Afar ku Ethiopia, amene anapereka katemera wosaonongeka msanga ndi kutentha anali abusa a ng'ombe enieniwo, ataphunzitsidwa ndi kuyang'aniridwa ndi madokotala. Pa nkhuku zakumudzi, katemera wa chitopa wotchedwa I-2, wopangidwa koyamba ku Australia, amangodonthezedwa m'diso, ndipo m'maiko angapo a kuno kumwera kwa Africa amayi ndi abambo a m'midzi akhala akumupereka bwinobwino. Chimene chinathandiza m'malo onsewa ndi malire omveka a ntchito ndi munthu wodziwa woti aziwayendera.

Malirewo ayenera kukhala okhwima. Mthandizi wa m'mudzi aphunzire kupima kutentha kwa thupi, kuyerekeza kulemera kwa ng'ombe ndi tepi, kusakaniza mankhwala a nkhupakupa pa muyezo wake, kumwetsa mankhwala a njoka zam'mimba ndi kutemera nkhuku. Koposa zonse aphunzire kuzindikira pamene ayenera kuleka n'kuimba foni: ng'ombe yofa ikutuluka magazi m'mphuno, zilonda m'kamwa ndi m'ziboda, nkhumba zofa zambiri nthawi imodzi, galu wosintha khalidwe. Mankhwala amphamvu azitenga kudzera kwa wa kampu, ndipo azilemba m'buku chiweto chilichonse chimene wachigwira. Ena amati izi zidzapatsa boma chifukwa chosalembera ntchito anthu ophunzira, ndipo nkhawayi ndi yoyenera, poti achinyamata otsiriza maphunzirowa amasowa ntchito pamene makampu akusowa anthu. Komabe njirayi singayende popanda iwo. Athandizi opanda wowayendera amabwerera msanga ku kubaya mwachisawawa, choncho pamene athandizi akuchuluka, m'pamenenso wa kampu akufunika kwambiri. Malamulo a mu 2010, la umoyo wa ziweto ndi la ntchito za avetenale ndi othandizira awo, anavomereza kale kuti ntchitoyi si ya madokotala okha.

Otsutsa ena amati ng'ombe ndi chuma cha mwini wake, ndiye alipire yekha. Pa bala la ng'ombe imodzi kapena pa kufula, alipire ndithu, ndipo malipiro amenewo ndiwo angasunge mthandizi pa ntchito. Koma nkhupakupa ndi kashembe sizidziwa malire a khola, ndipo khomo limodzi losasambitsa ziweto limabwezera matenda kudambo lodyetserako mudzi wonse. Chiwewe sichitha pokhapokha agalu 70 mwa 100 alionse atalandira katemera, ndipo galu wosatemeredwa wa mnansi amaluma mwana wa aliyense, mpaka banja kuthamangira ku chipatala cha St Luke's ku Mpanshya. Matenda otere ndi udindo wa onse. Mu 2022 thumba la boma la chitukuko cha m'madera, la CDF, linakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, ndipo zosankha zake zimayambira m'makomiti a m'mawadi. Alimi a ziweto a ku Rufunsa, pamodzi ndi mafumu awo, apite kumisonkhano imeneyo akapemphe kukonzedwa kwa madibi, nyumba ndi firiji ya katemera ya wa kampu, ndi maphunziro a athandizi a m'midzi mwawo.