Boma nalonso limakongola, ndipo K1,000 yanu ikwanira

Ku London ndi ku New York kuli anthu amene nchito yao ni kuyang'ana maiko monga Zambia, Ghana ndi Kenya, kufuna kuona kumene ndalama ingabale msanga. Maiko otere amawacha frontier market, kutanthauza msika umene phindu ni lalikulu koma ungagwenso nalo cagada. Anthu awa sanakwerepo basi ya ku Kanyama mvula itagwa, koma amadziwa mtengo wa kopa ndi wa kwaca kuposa ise amene timaigwira m'manja.

Anapsa nafe mu Novembala 2020, pamene boma linalephera kulipira ciwongola dzanja ca madola 42.5 miliyoni pa nkhongole ya Eurobond. Kucokera apo zinthu zayenda pang'onopang'ono: IMF inavomera ngongole ya madola 1.3 biliyoni mu Ogasiti 2022, maiko amene tinakongolako anagwirizana nafe mu Juni 2023, ndipo eni ma Eurobond anatsatira mu 2024. Caka comweco kampani ya IRH ya ku Abu Dhabi inagula 51 peresenti ya mgodi wa Mopani. Alendo abwerera.

Manje funso langa ni ili: ngati mlendo aona phindu muno, nanga wa ku Mtendere ndi wa ku George aliona kuti?

Ndalama m'komboni ziliko, osanama. Yendani mu Chawama kumapeto kwa mwezi muone cilimba mmene cizungulira, amai a salaula ndi a tomato aliyense aponya yake. Ma village banking adzaza m'machalichi ndi m'mayadi. Mu 2023, lamulo litalola anthu kutapako 20 peresenti ya ndalama zao ku NAPSA, mizere inali yaitali ngati ya unga wochipa. Ena anagula mabuloko ndi malata, ena anatsegula kabuthi ka mobile money, ndipo ena, tinene zoona, anaidyera ku bala mpaka inatha.

Cimene ambiri amene ndakamba nao m'basi sadziwa n'cakuti boma limakongola kwa munthu wamba, osati kwa azungu cabe. Bank of Zambia, ija ili pa Cairo Road, imagulitsa ma treasury bill ndi ma bond, ndipo mungayambe ndi K1,000. Ma treasury bill ni a masiku 91, 182, 273 kapena 364. Ma bond amayambira zaka 2 mpaka 15, ndipo ciwongola dzanja cimabwera kawiri pa caka. Cofunika ni NRC, TPIN ndi akaunti ya ku banki. Banki yanu ingakuthandizeni kulembetsa. Boma limadulako msonkho pa phindu, conco funsani zimene zidzafika m'thumba, osati zimene zalembedwa pa pepala. Ndipo dziwani ici: pamene nkhongole zakunja zinali kukambidwanso, za m'kwaca sizinalowetsedwe m'nkhani imeneyo. Amene anakongoza boma muno anapitiriza kulandira.

Kulinso Lusaka Securities Exchange, imene inayamba malonda mu 1994. Kumeneko mungagule kagawo ka Zanaco, Zambia Sugar, Zambeef, Airtel kapena Zambian Breweries kupyolera mwa broker wovomerezeka. Tangoganizani: shuga mumagula, talk time mumagula, Mosi ena mumamwa, koma phindu la makampani amenewa limapita kwa ena. Apa ceteni pang'ono, cifukwa mtengo wa masheya umakwera ndi kutsika, ndipo pali masiku amene mungafune kugulitsa koma wogula palibe.

Sindikunena kuti izi zidzalemeretsa munthu. K1,000 mu bond siingagule ngakhale tayala la Hiace caka cikatha. Kukwera kwa mitengo nako kumadya mwakacetecete: pakati pa 2021 kunapitirira 24 peresenti, ndiye kuti ndalama yosungidwa pansi pa matiresi inali kuonda tsiku ndi tsiku. Komanso mai amene K1,000 ndiyo mpamba wake wonse wa ku Soweto Market sangaitsekere masiku 91. Kwa iye kuoda kabichi kuli bwino kuposa pepala la boma, ndipo amene angamuuze zina sanagulitsepo pa msika.

Amene ndikuwadandaula ni aja ali ndi kocepa kotsala, koma amakapereka kwa mnyamata wa pa WhatsApp wolonjeza kuti K500 idzakhala K1,500 pa sabata ziwiri. Oyamba amalipidwa ndi ndalama za obwera pambuyo, kenako foni yazima. Wa kaloba naye amafika pakhomo msanga kuposa banki, ndipo amanyamula firiji. Musanapereke ndalama kwa aliyense wochula mau akuti investment, mufunseni laisensi ya Securities and Exchange Commission kapena ya Bank of Zambia, ndipo mukaitsimikizire nokha ku ofesi. Akayamba kukuuzani kuti mwai utha lero, tsikani pa siteshoni yotsatira.