Magiya a njinga angathe kusinthidwa kuti agwirizane ndi dzanja lofooka

Kumidzi ya ku Malawi, Zambia ndi Mozambique njinga yakapalasa ndiyo imafikitsa chimanga kuchigayo, tomato kumsika ndi wodwala kuchipatala. N'chifukwa chake mlimi amene dzanja lake lafooka amataya zambiri: miyendo ikadali ndi mphamvu, koma zala zikulephera kukankha kachitsulo kosinthira giya. Ambiri amangoimika njinga m'nyumba n'kuyamba kulipira kabaza, pamene wokonza njinga wa pamsika akanatha kuthetsa vutolo tsiku limodzi.

Dzanja limafooka pa zifukwa zosiyanasiyana. Sitiroko imapha ziwalo za mbali imodzi ya thupi. Nyamakazi imatupitsa mfundo za zala. Khate likachedwa kuchiritsidwa limawononga mitsempha, zala n'kupindika ndi kuchita dzanzi. Ena anapsa ndi moto, ena anaduka zala pa ngozi. Popeza mavutowa ndi osiyana, palibe chida chimodzi choyenera aliyense. Choyamba n'kufunsa mwini njinga zimene dzanja lake likuthabe kuchita: kodi lingafumbate, lingapotoze, kapena lingangokankha ndi chikhatho?

Mitundu ya zosinthira giya

Njinga zambiri zamagiya, makamaka zakaunjika, zili ndi zosinthira ziwiri. Cha kumanja chimasuntha tcheni pa magiya a kumbuyo, ndipo cha kumanzere chimasuntha a kutsogolo. Cha kumanzerechi chimalimba kwambiri chifukwa sipuling'i imene chimakoka ndi yamphamvu.

Mtundu woyamba ndi wa timabatani tiwiri ta pansi pa handulo, umene kampani ya Shimano imautcha Rapidfire. Umafuna chala chachikulu champhamvu, ndipo ndi umene umasautsa kwambiri anthu a nyamakazi. Wachiwiri ndi wopotokola ngati mafuta a njinga yamoto. Umenewu, wotchedwa Grip Shift, ndiwo unatchukitsa kampani ya SRAM imene inayamba mu 1987 ku Chicago. Sufuna chala chimodzichimodzi, koma umafuna dzanja lotha kufumbata. Ukakulungidwa ndi mphira wa chubu chakale umanenepa, ndipo sumaterera m'manja. Wachitatu ndi kachitsulo kamodzi kokhala pamwamba pa handulo. Kameneka n'kotchipa, ndipo munthu angathe kukakankha ndi chikhatho kapena mbali ya dzanja popanda kugwiritsa ntchito zala.

Zimene wokonza njinga angachite

Asanagule chilichonse, wokonza njinga ayambe waona mawaya. Waya wadzimbiri kapena wopindika kwambiri amalimbitsa giya ngakhale kwa munthu wa manja abwinobwino. Kuika waya watsopano ndi chikopa chake, ndi kudonthezera oyilo, nthawi zina n'kokwanira.

Chachiwiri ndi kutalikitsa kachitsulo kosinthira giya. Kapaipi kakafupi kapena kachitsulo kena kakamangidwa mwamphamvu kumapeto kwake, ntchito imapepuka. Kutalika kukawirikiza kawiri, mphamvu yofunika imatsika ndi theka, kungoti dzanja limayenda mtunda wotalikirapo. Kumapeto kwa chitsulocho kukhale kosalala ndi kokutidwa ndi mphira, maka kwa munthu amene anadwala khate, pakuti iye angathe kuchekedwa osamva ululu, bala n'kukula.

Chachitatu ndi kusamutsira chosinthira ku dzanja lamphamvu. Apa pafunika kusamala. Zosinthira zambiri zamakono zimalira kuti "thi" pa giya iliyonse, ndipo zinapangidwa kuti zizikoka waya mlingo woikika. Choncho cha magiya 7 sichingagwire bwino pa magiya 8, ndipo cha kutsogolo sichingayendetse a kumbuyo. Koma chosinthira chachikale chosalira, chimene wokwera amangosuntha mpaka tcheni itakhazikika, chimagwira pa njinga zambiri ndiponso mbali iliyonse ya handulo.

Chachinayi ndi kuchepetsa ntchito. Tcheni ingathe kusiyidwa pa giya yapakati ya kutsogolo pomanga timasikuluwu tiwiri ta malire, ndipo wokwera amatsala ndi chosinthira chimodzi chokha. Magiya a kumbuyo okha amakwanira pa misewu yambiri, kupatula zitunda zazikulu munthu atasenza katundu.

Mabuleki ndiwo oyamba

Munthu amene akuvutika kusintha giya kawirikawiri amavutikanso kugwira buleki, ndipo apa ndi pamene pali moyo. Buleki ya kutsogolo ndiyo imaimitsa njinga mwamphamvu, koma ikagwidwa yokha mwadzidzidzi pamchenga kapena potsetsereka imagwetsa. Pali chogwirira chimodzi chokoka mawaya awiri, chimene chimalola dzanja limodzi kugwira mabuleki onse. Zogwirira zambiri zilinso ndi kasikuluwu kozibweretsa pafupi ndi handulo kuti zala zosatambasuka zizifikira.

Njira ina ndi buleki ya phazi, yogwira munthu akapalasa chobwerera m'mbuyo. Njinga ya Buffalo ya giya imodzi, ya bungwe la World Bicycle Relief limene linakhazikitsidwa mu 2005, ili ndi buleki yotereyi ndipo imapezeka ku Zambia, Malawi ndi Zimbabwe. Koma dziwani kuti buleki ya phazi sigwirizana ndi magiya akunja osuntha tcheni. Imagwira pa njinga ya giya imodzi kapena ya magiya obisika mkati mwa habu, monga a Sturmey-Archer. Kumaiko olemera kulinso magiya amagetsi ongodina batani, monga Di2 amene Shimano inatulutsa mu 2009, koma mtengo wake ndi batire lake sizigwirizana ndi moyo wa kumudzi.

Udindo wa alangizi

Pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali la mu 2006, limene Malawi inavomereza mu 2009 ndipo Zambia mu 2010, limanena m'ndime 20 kuti anthuwa athandizidwe kuyenda paokha pa mtengo umene angakwanitse. Kumudzi, mawu amenewa amakwaniritsidwa pamene mlangizi wakumanitsa anthu atatu: mwini njinga, wokonza njinga ndi dokotala wa mafizo. Dokotalayu ndi wofunika kwambiri kwa amene anadwala sitiroko, chifukwa nthendayi imathanso kusokoneza maso ndi kukhazikika kwa thupi, ndipo ena njinga ya matayala atatu ndiyo ingawayenere.

Njinga ikakonzedwa, mwini wake ayambe wayeserera pabwalo lathyathyathya, wopanda katundu, wina ali pambali. Aphunzire kuima asanaphunzire kuthamanga, ndipo asinthe giya asanafike pachitunda. Akatero pangani naye tsiku loti mudzaonenso njingayo pakatha sabata ziwiri, poti waya watsopano amakhwepa ndipo zomangira zimamasuka.