Timu ikagulitsa mnyamata, imatsala ndi chiyani?

Masewero a NBA, ligi ya basiketibolo ya ku America, amachitika ife kuno ku Milange tili mtulo, ndiye timangoonera tizidutswa pa foni kukacha. Komabe anyamata amene ndimawaphunzitsa basiketibolo pabwalo la simenti la kusukulu amakangana za ligiyi ngati amalume awo ali ndi timu kumeneko. Nkhani yomwe siwathera ndi ya Oklahoma City Thunder.

Mu Julayi 2019, LA Clippers inafunitsitsa Paul George, katswiri wodziwika kale, kuti adzasewere limodzi ndi Kawhi Leonard. Kuti imupeze, inapereka ku Thunder mnyamata wa ku Canada, Shai Gilgeous-Alexander, yemwe anali atangosewera chaka chimodzi mu ligi. Inaonjezerapo Danilo Gallinari komanso malo asanu osankhira osewera m'chigawo choyamba cha draft. Draft ndi dongosolo lomwe matimu amasankhira achinyamata olowa mu ligi chaka ndi chaka, ndipo timu yomwe yachita moipa ndiyo imakhala ndi mwayi waukulu wosankha koyambirira. Malo osankhirawo amasinthanitsidwa ngati katundu.

Posakhalitsa Thunder inalolera kugonja kaye. Mu sizoni ya 2020/21 inapambana masewero 22 okha, yotsatira 24. Koma m'kugonjamo Shai ankakhala ndi mpira m'manja nthawi yaitali, akulakwitsa n'kudzikonza popanda womukhazika pabenchi. Amodzi mwa malo a Clippers aja anabweretsa Jalen Williams mu 2022. Pofika 2025, Thunder inapambana masewero 68, Shai anasankhidwa wosewera bwino koposa mu ligi, ndipo chikho anachitenga atagonjetsa Indiana Pacers. Nanga Clippers? Sinafikepo mu fainolo ya ligi, ndipo George anachoka mu 2024 kupita ku Philadelphia.

Anyamata anga amaseka Clippers, koma amaiwala kuti Thunder yomweyi inalawapo zowawa zomwezo. Mu 2012, itangosewera fainolo, inatumiza James Harden ku Houston ali ndi zaka 23 atalephera kugwirizana pa malipiro. Harden anadzakhala wosewera bwino koposa mu 2018, ndipo Thunder inadikira zaka 13 kuti ibwererenso mu fainolo. Ine ndimaona kuti vuto lagona pa mtengo. Mnyamata amagulitsidwa aliyense asanadziwe pomwe luso lake lidzafike, ngati mlimi wogulitsa nandolo akadali m'munda kwa venda wa pa Muloza: ndalama walandira lero, koma phindu la zokolola lidzadyedwa ndi wina.

Kwathu kuno nkhaniyi imapweteka mwanjira ina. Mozambique si dziko lamasewera pa basiketibolo, makamaka ya amayi. Clarisse Machanguana anasewera mu WNBA, ligi ya amayi ya ku America, timu ya dziko inafika mu fainolo ya AfroBasket, mpikisano wa mayiko a mu Africa, ku Maputo mu 2013, ndipo Ferroviário de Maputo inatenga chikho cha makalabu a mu Africa mu 2018 ndi 2019. Kwa abambo, Ferroviário da Beira inasewera mu Basketball Africa League mu 2022 ndi 2023. Koma zonsezi zili ku Maputo ndi ku Beira. Mtsikana wamtali wa m'tsinde mwa phiri la Tumbine akaonetsa luso, njira yake ndi ya ku Mocuba, Quelimane, kenako kumwera. Timu yomwe inamuphunzitsa kugunditsa mpira pansi silandira wosewera wina, malo a draft, ngakhale mpira umodzi watsopano.

Sindingamuletse, ndipo kochi woletsa mwana kupita komwe kuli sukulu yabwino ndi bwalo lofolera ndi wodzikonda. Chomwe ndimachita n'chakuti ndikaona wina wayamba kuposa anzake, ndimamupatsa ana a zaka 12 ndi 13 kuti aziwaphunzitsa Loweruka lililonse, ngakhale azinyinyirika, mpaka tsiku lomwe makolo ake adzandiuze kuti akunyamuka.