Mphuno Zikatseka, Musathamangire Makapisozi



Mwezi wa June ukafika, ine ndimadziwira pa swala ya Subuhi. Ndikaima kutsogolo, kumbuyo kwanga kumangomveka uyu akukoka mamina, uyo akuyetsemula, wina akuyankha Ameen ndi mawu a m'mphuno. Mwera wayamba kuwomba panyanja, kunyumba tikutong'ola chimanga, kugombe akuwamba nsomba. Zonsezi zimakathera m'mphuno mwathu.

Ambirife timaganiza kuti chimene chatseka mphuno ndi mamina basi. Si choncho kwenikweni. M'kati mwa mphuno muli kamnofu kofewa kodzaza ndi timitsempha ta magazi, ntchito yake ndi kufunditsa mpweya, kuunyowetsa ndi kugwira fumbi lisanafike m'mapapo. Chikalowa chinthu chosafunika, timitsempha timeneti timatupa, njira ya mpweya n'kuchepa. N'chifukwa chake umatha kumina mpaka makutu kulira, koma mphuno osatseguka ayi. Ukagona pansi magazi amachuluka kumutu, kutupa kuja n'kuonjezeka, ndiye usiku ndi pamene zimavuta kwambiri.

Chotupitsa choyamba ndi chimfine chimene tonse timachidziwa. Chimabwera ndi mavairasi, ndipo alipo mitundu yoposa 200. Ndiye musadabwe kuti mwana wachira lero, mwezi wamawa wadwalanso. Mwana wamng'ono atha kudwala chimfine maulendo 6 mpaka 8 pa chaka. Mphepo payokha sibereka chimfine. Kungoti kukazizira timatseka mazenera n'kuunjikana malo amodzi, tikupatsana moni wa m'manja amene tangominira kumene. Chimfine chotere chimatha chokha pa masiku 7 mpaka 10.

Koma kwa ife alimi ndi asodzi, nthawi zambiri si vairasi ayi. Ndi fumbi ndi utsi. Mungu wa mpunga popuntha ndi popeta, fumbi la chimanga, Actellic amene timathira m'matumba osaphimba kumaso, nkhungu ya chimanga chimene chinanyowa m'nkhokwe. Nanga amayi athu owamba kampango ndi mlamba, tsiku lonse ali weramu pa utsi, madzulo akaphikenso m'khitchini yopanda zenera! Mtundu uwu mumauzindikira chonchi: mamina amakhala oyera ngati madzi, maso amayabwa, munthu amayetsemula kambirimbiri, koma thupi silitentha. Akachoka pantchito ija masiku awiri, zimachepa. Akabwererako, zayambanso. Agogo okoka fodya wa m'mphuno nawonso asanamizire mwera.

Wina anena kuti aaa, chimfine n'chiyani, si matenda amenewo. Koma munthu wotseka mphuno amapumira m'kamwa, kukhosi kumauma, amaliza mkonono, tulo osaoneka. Kukacha mutu uli waa, nsima osamva kukoma chifukwa fungo silikumveka, khasu likulemera. Amene amavutika zedi ndi khanda. Mwana wa miyezi yochepa amadalira mphuno popuma, ndiye zikatseka amalephera kuyamwa: kugwira bere, kusiya, kulira.

Tsono chithandizo. Chimene ine ndimachikhulupirira kuposa zonse ndi madzi amchere. Wiritsani madzi, azizire mpaka akhale ofunda pang'ono, m'kapu imodzi muthiremo theka la sipuni yaing'ono ya mchere. Thirani pachikhatho chosamba bwino, kokerani m'mphuno imodzi, minani pang'onopang'ono, kenako inayo. Kwa ife Asilamu izi si zachilendo, n'zomwe timachita pa wudhu kasanu patsiku. Koma pamene mphuno zatupa, musagwiritse madzi ongotunga kunyanja kapena pachithaphwi. Ndipo amene akusala akumbukire kuti sitikokera madzi mwamphamvu mpaka kufika kukhosi, bola achite usiku atamasula. Kwa khanda, kadontho kamodzi kapena awiri m'mphuno iliyonse asanayamwe, n'kupukuta ndi kansalu koyera.

Imwani zamadzi zambiri, makamaka zofunda. Tiyi wa mandimu, jinja ndi uchi amafewetsa kukhosi, ngakhale sapha vairasi. Uchi osampatsa mwana amene sanakwane chaka chimodzi. Pogona kwezani mutu. Kudzifukiza ndi nthunzi ya masamba a bulugama kumapepukitsa kwa kanthawi, ndimachita nanenso, koma ana ayi. Mphika wa madzi owira pansi pa bulangete ndi mwana wojijirika, mapeto ake ndi mabala a moto, oposa chimfine chimene mumachiza. Vicks nayenso si wopaka m'kati mwa mphuno, ndipo si wa makanda.

Ngati vuto ndi fumbi kapena utsi, mankhwala ake ndi kuchepetsa chimene chikulowacho. Mangani kansalu kumaso potong'ola ndi pothira Actellic. Popeta imani kumene mphepo ikuchokera. Uvuni wa nsomba ukhale pamtetete, osati kukhonde kumene ana agona.

Apa ndiye pali nkhani imene yandichititsa kulemba. Mphuno ikangotseka, anthu akuthamangira pagolosale kukagula Bactrim kapena Amoxicillin, awiri atatu, kumwa, basi. Abale, mankhwala amenewa amalimbana ndi mabakiteriya, vairasi samukhudza n'komwe, fumbi ndiye osanena. Mukachira pa tsiku lachisanu ndi chiwiri mumayamika kapisozi, pamene thupi lachira lokha mwa chifuniro cha Allah. Ndalama yapita, ndipo choipa kwambiri n'chakuti tizilombo timazolowera mankhwalawo. Tsiku limene mwana adzadwale chibayo chenicheni, adzapezeka sakugwiranso ntchito. Mamina achikasu kapena obiriwira pa tsiku lachitatu kapena lachinayi si umboni woti mukufunika makapisozi, chimfine chimayenda choncho.

Mankhwala odonthezera m'mphuno a kufamase, monga Otrivin, amatsegula msanga ndithu, koma osapitirira masiku 5. Mukapitiriza, mphuno zimatupa kuposa poyamba mukangosiya. Piriton amathandiza pa kuyetsemula kwa fumbi, koma amagonetsa. Inu anyamata a chilimira, makamaka siginala amene amakhala yekha pabwato ndi nyali usiku wonse, musamwe Piriton mukupita panyanja. Mutu ukamapweteka, Panado akwanira.

Pali nthawi yoti tisiye za kunyumba tipite kuchipatala. Thupi likatentha, kayezetseni malungo, musangoti ndi chimfine, kuno kunyanja udzudzu sutha. Mwana akamapuma mofulumira, werengani kwa mphindi imodzi ali phee: wa miyezi 2 mpaka 11 akafika ka 50, kapena wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 akafika ka 40, kapena pansi pa nthiti pakamalowa m'kati popuma, nyamukani tsiku lomwelo, chingakhale chibayo. Khanda losakwana miyezi 2 likatentha thupi kapena kukana bere, musadikire kuche. Wamkulu amene wapitirira masiku 10 mphuno zili chitsekere, masaya ndi chipumi zikupweteka, akaonedwe. Chifuwa chopitirira masabata awiri, akayezetse TB.

China chimene chimachitika nyengo ino yokolola: mwana akamatuluka mamina onunkha mbali imodzi yokha, kawirikawiri amakhala kuti walowetsamo njere ya chimanga kapena nyemba posewera. Musatokose ndi kamtengo ka machesi, mungaikankhire m'kati. Kuchipatala ali ndi zipangizo zochotsera.