Ojambula a pa Mitundu ndi pa Nathenje

Chimanga chikalowa m'nkhokwe, fodya n'kuyamba kuyenda pa okushoni ku Kanengo, ojambula zithunzi ndi mavidiyo a pa Mitundu ndi pa Nathenje sapezanso Loweruka lopuma. Zinkhoswe, maukwati, ziliza ndi misonkhano ya mipingo zimaunjikana m'miyezi yachilimwe, pomwe alimi ali ndi kangachepe m'thumba ndipo misewu ya m'midzi ikupitika. Mvula ikagwa ntchito imazilala. Wojambula yemweyo mudzamupeza ali kumunda, kapena ali chikhalire m'kashopu kake kudikira wofuna fotokope.

Ntchitoyi si yachilendo kuno. Akuluakulu amakumbukira wojambula wapanjinga, kamera ya filimu ili lende pakhosi, amene ankazungulira m'midzi kenako n'kupita ku tauni kukatsukitsa zithunzi. Munthu unkadikira masabata kuti udzione, ndipo nthawi zina yankho linkangokhala loti "chinapsa". Wa lero amajambula m'mawa, madzulo chithunzi chili kale pa WhatsApp. Zida zasintha, ndipo ntchito yomwe ankaigwira munthu mmodzi yagawikana. Wina amajambula, wina amaedita pa kompyuta, wina amakonza makadi aukwati ndi maposita, winanso amaika nyimbo ndi mafilimu m'ma memory card a anthu. Pa Mitundu, kawirikawiri onsewa ndi anyamata awiri kapena atatu ogawana chipinda chimodzi ndi soketi imodzi.

Malo awiriwa ali ndi makasitomala osiyana. Pafupi ndi Mitundu pali koleji ya Bunda, makilomita pafupifupi 30 kuchokera mu mzinda wa Lilongwe, yomwe kale inali pansi pa Yunivesite ya Malawi koma tsopano ndi gawo la yunivesite ya LUANAR. Ophunzira amafuna kusindikiza ntchito zawo, zithunzi za ziphaso, ndi wowakonzera laputopu ikazima mayeso ali pafupi. Nathenje ali pa msewu wa M1 wopita ku Dedza, choncho wojambula wa kumeneko amakwera minibasi m'mawa, kukagula inki kapena kusindikiza chikwangwani chachikulu ku tauni, masana ali atabwerera.

Zida zambiri n'zakaunjika. Kamera yomwe mungaione paukwati mwina ndi Canon kapena Nikon yomwe inagwira kale ntchito kwina. Canon 600D, mwachitsanzo, inatuluka mu 2011, koma ikudyetsabe mabanja. Malaputopu a HP, Dell ndi Lenovo amabwera ndi amalonda ochokera ku Joni, ku Dubai kapena ku China, ena amatumiza ndi achibale ogwira ntchito ku South Africa. Printa yokondedwa ndi ya Epson yothira inki ya m'mabotolo, chifukwa ya katiriji imadya phindu lonse. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zinthu zonsezi inakwera nthawi yomweyo, pakuti palibe n'chimodzi chomwe chopangidwa kuno. Koma wojambula sakanatha kukweza mtengo wake chimodzimodzi kwa mlimi wa soya. Mlimiyo amangonena kuti, "Achimwene, mukadula choncho, mwana wanga atijambula pa Tecno yake."

Anyamata ongoyamba kumene maso awo amakhala pa kamera, ndipo masiku ano pa drone, kandege kojambulira m'mwamba kamene kamachititsa ana kusiya mkwati n'kumathamangira iko. Ine ndimaona kuti ntchitoyi imagwera kapena kuimira pa zinthu zomwe anthu a paukwati saziona. Taonani Lolemba la wojambula. Wabwera ndi makadi a mu kamera odzaza ndi vidiyo ya tsiku lonse: kutchalitchi, malangizo a ankhoswe, perekaniperekani wa maola angapo. Eni ukwati safuna kuti mudule perekaniperekaniyo, chifukwa azakhali aliyense amafuna adzione akuvina ndi ndalama m'manja, ndipo wosowa mu vidiyo amakhala ndi mlandu ndi mkwati. Zonsezi aziike pa laputopu ya RAM ya 4GB, yomwe ikatsegula pulogalamu ya Premiere imayamba kulira fani ngati chigayo. Vidiyo ikamatuluka pamatenga maola. Batire la laputopuyo linatha kalekale, kotero magetsi akangoti thii, ntchito imayambiranso pa chiyambi.

Za magetsi ojambula sangaiwale chaka cha 2022. Namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale chaka chimenecho, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuthima kwa magetsi kunakhala kwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi yambirimbiri. Amene anali ndi sola, batire lalikulu ndi inveta anapitiriza ntchito. A jenereta ankayang'ananso za mafuta, omwe nawonso ankasowa. Ena anazolowera kuedita pakati pa usiku, nthawi imene magetsi ankabwera.

Mdani wina ndi fumbi. Mu Seputembala ndi Okutobala fumbi la pamsika limalowa paliponse: pa lenzi, mkati mwa kamera posintha lenzi, m'mabowo opumira laputopu. Makina akatsekeka amatentha n'kumazima okha. Apa m'pamene amadyera wokonza makompyuta, munthu yemwe dzina lake silituluka pa vidiyo iliyonse. Ambiri mwa iwo anayamba ndi kukonza mafoni, n'kuphunzira zina kwa anzawo ndi pa YouTube. Amatsegula laputopu, kupukuta fumbi ndi kaburashi, kuwonjezera RAM, kuchotsa hard drive yakale n'kuikamo SSD. Laputopu yakufa satayanso, amaisunga pansi pa tebulo kuti adzachotsemo kiyibodi kapena sikirini ina ikadzabwera yofanana nayo. Iwowa ndiwo amadziwanso matenda a kompyuta ya woika nyimbo, yomwe imalandira ma flash a anthu makumimakumi patsiku, iliyonse ndi mavairasi ake. Oika nyimbowo ali ndi nkhani yawo ndi bungwe la COSOMA loteteza umwini wa ntchito zaluso, pakuti nyimbo yokopedwa popanda chilolezo woimba sapezapo kanthu.

Luso lina silichokera ku chida chilichonse. Dera lino ndi la Achewa, ndipo pa chiliza kapena polonga ufumu gule amatuluka. Gule Wamkulu anavomerezedwa ndi UNESCO mu 2005 kuti ndi chuma cha dziko lonse lapansi, koma zimenezi sizipatsa munthu ufulu woloza kamera kulikonse. Wojambula wakuno amayamba wapempha kwa amfumu ndi akuluakulu a mwambo, amadziwa poima, ndipo amadziwa kuti kudambwe kamera sifikako. Wochokera ku tauni ndi zida zodula akhoza kubwerera ndi mlandu m'malo mwa vidiyo.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chosungira. Kale chithunzi chinkakhala mu alubamu kapena pakhoma, ndipo ngakhale chitafwifwa chinalipo. Lero maukwati a midzi yambiri, nkhope za agogo amene anatisiya, magule a pa ziliza, zonse zili pa hard drive imodzi ya mnyamata mmodzi. Ikadzaza amafufuta za chaka chatha kuti alowetse za Loweruka lino. Ikagwa pansi kapena kuyamba kugogoda mkati, zapita. Banja limene linalandira vidiyo yake pa flash nalonso limabwereketsa flash yomweyo kwa mwana, iye n'kukaikamo nyimbo.

N'chifukwa chake ndikuti wojambula amene wapeza ndalama m'chilimwe chino ayambe wagula hard drive yachiwiri ndi batire, drone idzabwera pambuyo. Inunso amene mukukonza ukwati kapena chiliza, pokambirana mtengo funsani kuti ali ndi mabatire ndi makadi angati, komanso kuti vidiyo yanu adzaisunga kwa nthawi yaitali bwanji. Mukalandira ntchito yanu ikopereni pamalo awiri, zithunzi zingapo muzisindikize papepala, ndipo ndalama yotsala mumulipire wojambulayo pa tsiku limene munagwirizana.